Musanagwire chozulira: mmene ndimaunikira wodwala mano amene ali ndi HIV

M'mawa uliwonse pa benchi la panja pa chipinda chathu pamakhala anthu ogwira tsaya, ena atamanga mpango kuzunguliza chibwano, onse akufuna chinthu chimodzi: dzino lichoke lero. Pakati pawo pamakhala amene akumwa ma ARV, koma sindingawaloze, chifukwa munthu amene akumwa bwino mankhwalawa sasiyana ndi mnzake aliyense pa benchipo. Ndikulembera inu achinyamata amene mwangotuluka kumene ku Malawi College of Health Sciences, ndi inu amene mukuphunzira udokotala wa mano ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), amene mawa lino mudzapezeka muli nokha m'chipinda cha mano ku chipatala cha boma, wopanda wamkulu womufunsa.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Ine ndinayamba ntchito ma ARV aulere asanafike. Anadzafika mu 2004. Masiku amenewo ndikangoona m'buku la wodwala kuti ali ndi kachilombo, ndinkamusiya kuti adzakhale womaliza, ndipo pomugwira ndinkavala magolovesi awiriawiri. Tsiku lina mayi wina amene anafika dzuwa lisanatuluke anandiyang'ana nthawi ya nkhomaliro itadutsa nati, "Adokotala, paja ndinayamba kufika ndine. Kapena bukulo lalakwa?" Ndinasowa poyika nkhope. Choipa china chinali chakuti mantha angawo sanandithandize kudziwa kalikonse za thupi lawo. Sindinawafunse ngati amataya magazi nthawi yaitali akadzicheka, sindinawayang'ane kudenga kwa m'kamwa. Ndinkadziteteza ndekha kwa munthu amene ndinkayenera kumuteteza.

Mawu akuti "ali ndi HIV" paokha sakuuzani ngati muzule dzino kapena ayi. Zimene mukufuna kudziwa ndi zitatu: kodi thupi la munthuyu lipoletsa bala, kodi magazi ake aundana, ndipo kodi mankhwala amene mumupatse agwirizana ndi amene akumwa kale. Zonse zimene ndimachita wodwala asanatsegule pakamwa ndi kufunafuna mayankho a zitatuzi.

Kafunsidwe

Tsekani chitseko. Woperekeza, kaya ndi mwamuna wawo kaya apongozi, adikire panja pokhapokha wodwala atanena yekha kuti alowe. Ndaonapo amayi akukana kuti samwa mankhwala alionse, kenako mlamu wawo atangotuluka n'kunong'ona kuti, "Ndimamwa aja a tsiku ndi tsiku aja."

Sindifunsa kuti "Muli ndi kachilombo?" Ndimayamba ndi BP, shuga, mphumu, khunyu, kenako n'kunena kuti, "Mayi, pali mankhwala ena amene mumalandira ku chipatala mwezi ndi mwezi, monga a TB kapena ma ARV? Ndikufunsa aliyense, chifukwa mankhwala ena amalimbana ndi amene ndikupatseni." Funso likabwera pakati pa anzake, munthu amayankha mosavuta. Dziwaninso kuti ambiri ali ndi mabuku a kuchipatala awiri: lina la ku ma ARV, lina loyera loonetsa kwina. Musawadzudzule; ingopemphani kuti ulendo wina adzabweretse linalo. Zimene mwamva zithere m'chipindamo. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu komanso kuulula za magazi ake iye asanavomere, ndipo kulemba zilembo zikuluzikulu pachikuto cha buku n'kuulula komweko.

Akavomera kuti ali pa mankhwala, ndimafuna kudziwa kuti anayamba liti, akumwa ati, ndipo mwezi wathawu adumphitsa masiku angati. Funso lomalizali mulifunse ngati mukuyembekezera kale kuti anadumphitsapo: "Mwezi uno mwaiwalapo kangati?" Mukafunsa kuti "Mumamwa bwinobwino?" aliyense amati inde. Akuluakulu ambiri kuno kwathu kuyambira 2019 akumwa piritsi limodzi lija lotchedwa 13A, lomwe muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Amene asinthidwa mankhwala angakhale akumwa okhala ndi zidovudine kapena atazanavir ndi ritonavir, ndipo amenewo ndiwo ofunika kuwasamala kwambiri polemba mankhwala.

Kenako viral load, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo ta HIV m'magazi. Imayezedwa pakatha miyezi 6 chiyambireni mankhwala, kenako chaka ndi chaka, ndipo zotsatira zake zimalembedwa m'buku. Ngati tizilombo sitikuonekanso m'magazi ndipo munthuyo akuoneka wathanzi, kwa ine ameneyo ndi wodwala dzino basi: ndimazula, ndimamata, ndimatsuka monga ndichitira ndi aliyense. Ngati yapitirira 1,000, pali chimene chikulakwika, kaya kudumphitsa kaya tizilombo tayamba kupima mphamvu mankhwala, ndipo ndimayang'ana m'kamwamo ndi maso awiri. CD4, chiwerengero cha maselo a chitetezo m'magazi, masiku ano siyezedwa kawirikawiri ngati kale, koma mukaipeza iwerengeni: munthu wathanzi amakhala ndi pakati pa 500 ndi 1,500, ndipo pansi pa 200 ndiye kuti matenda alowa mkati.

Mafunso otsalawa ndi achangu koma musawalumphe. Mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuonda? Ameneyo ayambe wakapereka makhololo, chifukwa inu mugwira ntchito nkhope yanu ili pafupi ndi mpweya wake, ndipo makina athu amamwaza malovu chipinda chonse. Ngati ali kale pa mankhwala a TB, zosafulumira zidikire mpaka a ku TB anene kuti sakupatsiranso, zomwe kawirikawiri zimatenga masabata awiri kapena kuposerapo akumwa mokhulupirika. Ndinu oyembekezera? Munadwalapo chikasu? Mumamwa mowa, mumasuta? Munazulitsapo dzino, ndipo magazi anasiya msanga? Mumatuluka kamfuno? Dzinoli mwalimwera chiyani kale? Apa mudzamva za Brufen, Indocid ndi aspirin za pa golosale, nthawi zina zonse pamodzi, kuphatikizapo za kwa asing'anga.

Kuyang'ana munthu, osati dzino lokha

Wodwala amakulozerani dzino ndi chala, ndipo dzanja lanu limafuna kuthamangira pomwepo. Ligwireni. Ine dzino lowawalo ndimaliona pomaliza.

Ndimayamba munthu akulowa: mayendedwe, zovala ngati zikukhwepa, mpweya ngati ukuperewera. Ndimatsitsa chikope kuona ngati magazi achepa. Maso achikasu mwa munthu womwa atazanavir nthawi zambiri ndi mankhwalawo chabe, koma musagamule nokha, a ku ma ARV awaone. Ndimapapasa pansi pa chibwano, m'khosi ndi kumbuyo kwa makutu kufuna anabele. Ang'onoang'ono a mbali zonse ziwiri osapweteka amapezeka mwa ambiri. Wamkulu wa mbali imodzi, wolimba kapena womatirira anzake, amandiganizitsa TB kapena khansa. Kutupa kwa patsogolo pa makutu mbali zonse ziwiri, makamaka mwa mwana, ndi chizindikiro chodziwika. Zipsera za mashingozi pankhope nazo zimalankhula.

M'kamwa ndimayenda njira imodzimodzi tsiku lililonse kuti ndisaiwale malo: milomo ndi m'ngodya mwake, m'masaya, nkhama, pamwamba pa lilime, m'mbali mwake nditaligwira ndi gozi n'kulikokera uku ndi uku, pansi pake, kudenga, ndi kukhosi. Magetsi akazima tochi ya foni imagwira ntchito. Chofunika n'chakuti muone kudenga ndi m'mbali mwa lilime, malo awiri amene anthu ofulumira sayang'anako.

Zoyera zonga mkaka wowundana zimene zimachoka mukapukuta ndi gozi n'kusiya pofiira ndi candida, matenda oyambitsidwa ndi fangasi. Ili ndi mtundu winanso umene ambiri amauphonya, wofiira chabe wopanda zoyera, pakati pa lilime ndi kudenga, ndipo wodwala amangoti tsabola ndi mchere zikumuwotcha. Mukaipeza funsani nthawi yomweyo kuti, "Mukamameza nsima pachifuwa pamapweteka?" Akati inde, ndiye kuti yatsikira kum'mero, ndipo nystatin wa m'kamwa sakwanira, ameneyo ngwa fluconazole kwa masabata awiri ndipo ayenera kuonedwa ndi a ku ma ARV tsiku lomwelo. Pa magawo anayi a matenda a HIV amene bungwe la WHO linakhazikitsa, candida wosatherapo wa m'kamwa ali pa gawo lachitatu, wa kum'mero pa lachinayi.

Mizere yoyera yoimirira m'mbali mwa lilime, yonga malata, imene siichoka ngakhale mupukute bwanji, ndi hairy leukoplakia, yobwera ndi kachilombo ka Epstein-Barr. Siipweteka ndipo payokha siifuna mankhwala, koma ikukuuzani kuti chitetezo chatsika. Mwa munthu amene akuti akumwa ma ARV bwinobwino, mizere imeneyi ndimaikhulupirira kuposa mawu ake.

Nkhama zonyeka nsonga za pakati pa mano, zotuwa, zotuluka magazi zokha, zopweteka mpaka m'fupa, ndi fungo limene mumalimva munthu asanakhale pampando: apa minofu ikufa, ndipo imatha kudya fupa m'masabata ochepa. Nalonso ndi gawo lachitatu. Ndimatsuka pang'onopang'ono, ndimapereka metronidazole ndi chlorhexidine wochukucha, ndipo ndimamuitananso pakatha masiku awiri, osati sabata. Mwa mwana wonyentchera, chilonda chotere chikayamba kudetsa tsaya, ganizani noma, matenda odya minofu ya kunkhope, ndipo mugonekeni m'chipatala.

Tsono Kaposi, khansa imene imaonekera pakhungu ndi m'kamwa. Pakhungu lathu lakuda amabisala, koma m'kamwa amaoneka bwino: banga lofiirira kapena lakuda ngati nthudza, kawirikawiri kudenga kapena pa nkhama, poyamba lafulati, kenako lotupa. Siliyera mukalisindikiza. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka, choncho mudzaiona ndithu. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musaicheke poganiza kuti ndi chithupsa. Imataya magazi koopsa. Yang'anani miyendo ngati ili ndi mabanga kapena yatupa, lembani kukula kwake ndi malo ake, ndipo tumizani. Khansayi ili pa gawo lachinayi, ndipo zipatala zazikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu zili ndi chithandizo chake. Chilonda china chilichonse chimene chatha masabata awiri kapena atatu osapola chimafuna kudulako kanyama kokayeza, pakuti chingakhale TB, lymphoma (khansa ya anabele) kapena khansa ya fodya.

Pomaliza onani malovu. Galasi likamamatira ku tsaya, m'kamwamo ndi mouma, ndipo mano amabooka m'munsi mozungulira nkhama. Mukangozula limodzi osanenapo za madzi, mankhwala otsukira mano a fluoride ndi maswiti amene amayamwa pofuna kunyowetsa kukhosi, abweranso ndi lina mwezi wa mawa.

Nanga mukaona zimenezi mwa munthu amene sanayezetsepo? Sinditchula dzina la matenda. Ndimati, "Bambo, zimene ndaona m'kamwamu zimabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika. Zifukwa zake n'zingapo, shuga ndi chimodzi, HIV ndi china. Ndikanakonda tiyeze zonse ziwiri lero." Akavomera ndimawaperekeza ndekha kwa aphungu, chifukwa kapepala kongopatsidwa m'manja nthawi zambiri kamathera pa geti. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala posayang'ana CD4, ndiye kuyenda kwa mphindi zisanu kumeneko kumatha kukhala chinthu chachikulu chimene mwachita tsiku limenelo.

Magazi

Si wodwala aliyense amene ndimamutumiza ku labu. Amene viral load yake ili bwino, alibe chizindikiro chilichonse ndipo sanavutikepo ndi kutaya magazi, kumuyendetsa ku labu n'kumuchedwetsa chabe. Amene ndimafuna full blood count (kuwerenga maselo onse a m'magazi) ndisanazule ndi awa: wongopezeka kumene, wosiya mankhwala, wa CD4 yochepera 200, wa zizindikiro za gawo lachitatu kapena lachinayi, wotuwa maso, womwa zidovudine, wolandira mankhwala a khansa, ndi aliyense wa timadontho tofiira kudenga kapena mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake.

Timadontho timeneti ndinatiphunzira movutikira. Mnyamata wina wobwera kuchokera ku Joni, kumene mankhwala anamuthera n'kukhala miyezi yambiri osamwa, anabwera ndi dzino lam'mbuyo logwedera. Timadontho ndinatiwona, n'kuganiza kuti wadzilasa ndi minga ya nsomba. Dzino linatuluka mosavuta. Madzulo anabwera naye pa kabaza, thaulo lili lofiira, ndipo tinachezera naye ku wodi. Ma platelet ake, tizigawo ta magazi tothandiza kuti aundane, anali pansi kwambiri pa 50,000. HIV yosamweredwa mankhwala imagwetsa ma platelet, ndipo izi zimatha kuchitika munthu akuonekabe wonenepa.

Manambala amene ndimasunga pamtima ndi ochepa. Ma platelet a munthu wabwinobwino amayambira 150,000. Kuyambira 50,000 kupita m'mwamba dzino limodzi limazulika, bola musoke, muike chothandiza kuundana ngati chilipo, alume gozi nthawi yokwanira, ndipo musamulole kupita musanaone ndi maso anu kuti magazi asiya. Pansi pa 50,000 sindizula. Ndimaletsa ululu n'kukambirana ndi a kliniko. Ma neutrophil, mtundu wina wa maselo oyera a magazi, akatsika pansi pa 500, thupi lilibe asilikali olimbana ndi mabakiteriya, ndipo chilichonse chotulutsa magazi chimafuna antibiotic ndi dokotala pafupi. Hemoglobin, imene imaonetsa ngati magazi achepa, ikafika cha m'ma 7, vuto lalikulu la munthuyo si dzino.

Pano pali chizolowezi chimene ndimalimbana nacho: kupatsa amoxicillin aliyense wa HIV "pofuna kuteteza". HIV payokha, ngakhale CD4 yotsika payokha, si chifukwa choperekera antibiotic. Chifukwa chake ndi ma neutrophil otsika kapena matenda amene mukuwaona, monga kutupa kofalikira, mafinya ndi kutentha thupi. Antibiotic wosafunika amangotsegulira candida khomo.

Kumbali inayo, musachedwetse chithandizo chofunika poopa manambala. Dzino la mafinya mwa munthu wa chitetezo chochepa ndi loopsa likakhala kuposa likachoka. Kutupa kukatsikira pansi pa chibwano, pakamwa pakukanika kutseguka, kumeza kukuvuta, ameneyo ngogonekedwa lero lomwe.

Cholembera chanu

Jakisoni wa dzanzi, lignocaine wathu uja, alibe vuto ndi ma ARV. Mavuto amabwera pa zimene timalemba munthu akamapita.

Tenofovir amalemetsa impso, ndipo Brufen, diclofenac ndi Indocid nazo zimatero. Masiku awiri kapena atatu mwa munthu wa impso zabwino si nkhani, koma kwa wachikulire, wa shuga, wa BP kapena wotsegula m'mimba ndimapereka Panado. Wa ma platelet otsika asayandikire aspirin ngakhale Brufen. Palinso kamsampha kena: mankhwala a ululuwa amawotcha pamtima, munthu n'kukagula magnesium trisilicate, ndipo ameneyu amamanga dolutegravir m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Chimodzimodzi mapiritsi a ayironi ndi a calcium. Muuzeni kuti ARV amwe maola 2 asanamwe zimenezi, kapena padutse maola 6 atamwa.

Carbamazepine, amene timathamangira munthu akabwera ndi ululu wa mtsempha wa kunkhope wong'anima ngati mphezi, amachepetsa mphamvu ya dolutegravir. Musamuyambitse musanalankhule ndi a ku ma ARV. Kwa omwa ritonavir, mankhwala ogonetsa monga midazolam ndi diazepam amakhalitsa m'thupi, ndipo ma steroid ena, ngakhale opaka pa zilonda za m'kamwa, amaunjikana. Wolandira metronidazole muuzeni mosapita m'mbali kuti kachasu ndi chibuku ziyambe zaima. Ndipo munthu amene wangoyamba Bactrim akabwera ndi milomo yosupuka, zilonda m'kamwa monse ndi maso ofiira, si matenda a mano amenewo. Thupi lakana mankhwala, ndipo ndi zadzidzidzi.

Chimodzi chimene sindilola: wodwala kusiya ma ARV chifukwa cha dzino. Ena amafunsa ngati adumphitse tsiku lozula, ena amasiya chifukwa pakamwa patupa. Ayi. Kuwonjezera pa HIV, tenofovir ndi lamivudine amagwiranso kachilombo ka hepatitis B, ndipo kusiya mwadzidzidzi kumatha kudzutsa matenda a chiwindi amenewa.

Za magolovesi awiri aja

Zida zonse zimatsukidwa n'kulowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, chimodzimodzi, pa 121°C kapena 134°C malinga ndi makina anu, kaya zagwira ndani. Palibe zida zapadera, palibe tsiku lapadera, palibe womaliza pa mzere. Amene wakuuzani kuti ali pa mankhwala ndipo tizilombo sitikuoneka si amene angakupatsireni mosavuta. Amene sakudziwa za magazi ake ndiye angakhale ndi tochuluka. Pa kubayidwa ndi singano yogwira magazi a HIV, mwayi wotenga ndi pafupifupi 3 pa 1,000, pamene wa hepatitis B umatha kufika 30 pa 100, ndiye ngati simunabayitse katemera wa hepatitis B yambani ndi ameneyo. Singano musaivindikire ndi manja awiri. Ndi pomwe ambiri a ife tinabayidwira. Zikachitika, sambani ndi sopo pa madzi oyenda, osafinya, nenani, yezetsani, ndipo yambani PEP, ma ARV oteteza amene wakhudzana ndi kachilombo, m'maola oyambirira, asanakwane 72, n'kumwa masabata anayi onse ngakhale akunyanseni.

Ndikamutumiza wodwala ku ma ARV sindilemba kuti "chonde muoneni". Ndimalemba chimene ndaona ndi malo ake, masiku amene wandiuza kuti anadumphitsa, mankhwala amene ndamupatsa, ndi chimene ndikupempha, kaya viral load, CD4 kapena full blood count. Pansi pake ndimalemba tsiku loti abwerenso kwa ine, ndipo ndimamuuza kuti tsikulo asakhale pa benchi, angogogoda.